Batani Lofiira Pakhonde

"Tsiku lililonse mawa, mawa! Kwa amalume udzapita liti, Faduweki?" Mwatitha anakalipira chibwenzi chake.

Akatswiri a kulikulu, anzeru zawozo, anati anthu akumudzi amachita ulesi posankha. Ndiye anapachika bokosi pakhonde lililonse loti lizisankhiratu zonse: mbewu, sukulu, ngakhale mwamuna. Wosafuna azingodina batani lofiira. Mwatitha linamusankhira mkulu wina wogulitsa feteleza, ukwati Loweruka lomweli.

"Ungodina, si batani lako?" anatero Faduweki, akutokosa m'mano. "Komatu bokosilo likuti atsikana asanu ndi anayi mwa khumi sadina."

"Walankhula ngati bokosi lomwelo, iwe! Chala ndili nacho, Faduweki. Ndimangofuna kumva pakamwa pako kuti, 'Dina, Mwatitha, ndikukwatira ndine.'"