Anafika Pakhomo Kumbuyo Kulibe Mwana

Panali bambo wina kuno mumzinda wa Da Nang, dzina lake Thinh. Amene anandiuza nkhaniyi amagwira naye ntchito mu ofesi imodzi, ndipo walumbira kuti ndi zoona.

Thinh sanali munthu woipa ayi. Ankakonda mkazi wake Quyen, ndipo mwana wawo wamkazi Diep, amene anali atangoyamba kumene sukulu, ankakamutenga yekha madzulo aliwonse pa njinga yamoto. Zinthu zinasokonekera atamukweza pantchito. Foni inasanduka bwana wake wachiwiri. Akudya ili m'manja, akusamba ili pazenera la bafa.

Mu ofesi mwawo, ngati m'maofesi ambiri kuno, anthu akatha kudya masana amazimitsa magetsi, aliyense n'kuyala kamkeka kunsi kwa tebulo lake n'kugonako pang'ono. Ngakhale bwana wamkulu amagona. Thinh anasiya zimenezo, mkeka wake n'kupatsa mlonda. Anzake akuliza mkonono, iye maso ali pa kompyuta, khofi wowawa ali pambali.

Tsiku lina Mayi Tuyet, amene akalambira mu ofesimo, anadzutsa mutu kunsi kwa tebulo lawo.

"Achimwene, gonaniko. Ntchitoyi tinaipeza ndipo tidzaisiya. Kapena mukufuna tidzakuikeni m'manda ndi kompyutayo?"

"Achemwali, ine ndidzagona ndikadzapuma pantchito," anayankha choncho Thinh akuseka.

Thupi linayamba kudandaula. Mutu kuwawa, khosi kuuma, m'mimba kuwotcha, tulo osabwera. Quyen anamuchonderera kuti m'mawa azikayenda limodzi m'mbali mwa mtsinje, kumene nkhalamba zimakawongola miyendo. Iye anati alibe nthawi yotaya. Anayambanso kupsa mtima ndi tinthu tachabechabe. Anamukalipira Diep kangapo kuti bambo ake akamayankha foni, mwana azitseka pakamwa. Mwanayo anali womvera, ndipo anamveradi.

Ndiye linafika tsiku lake. Thinh anamutenga Diep kusukulu, m'njira n'kuona kuti mafuta atsala pang'ono kutha. Anakhotera pamalo omwetsera mafuta. Pajatu thanki ya njinga zathuzi imakhala kunsi kwa chishalo, choncho wokwera kumbuyo amayamba watsika. Diep anatsika n'kuima pambali. Nthawi yomweyo foni inalira, bwana akuti kasitomala wina wakwiya. Thinh anaitsomeka foniyo m'chipewa chake choteteza mutu pafupi ndi khutu, analipira, anatseka chishalo, n'kuliza njinga ulendo.

Atamaliza kulankhula ndi bwanayo anafunsa osacheuka kuti lero kusukulu aphunzira chiyani. Kumbuyo kunali zii. Anaganiza kuti mwana wasinza, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti mumtima anakondwa kuti apumako phokoso.

Pakhomo anapeza Quyen akuthirira maluwa.

"Bambo a Diep, mwana ali kuti?"

Thinh anacheuka. Chishalo chinali chopanda munthu.

Anayesa kukumbukira pamene anamwetsa mafuta, koma m'mutu munalibe kanthu, munangodzaza mawu a bwana. Quyen anamulanda njinga, Thinh n'kukwera kumbuyo. Inali nthawi yoweruka, msewu uli thothotho. Anakhotera malo ena, sanali amenewo. Ena, sanalinso amenewo. Galimoto yaikulu iliyonse imene inkadutsa, Thinh ankatsinzina.

Anamupeza dzuwa likulowa. Diep anali atakhala pa kampando kapulasitiki kwa mayi wina wogulitsa madzi a nzimbe pafupi ndi pomwetsera mafuta paja, chipewa chikadali kumutu, chikwama cha kusukulu atachikumbatira. Mayiyo anayamba kumulalatira Thinh kuti ndi bambo wa mtundu wanji wosiya mwana ngati katundu. Koma atamuyang'ana bwino kumaso analeka, n'kumutungira nayenso kapu ya madzi a nzimbe.

Quyen anagwada n'kumufungatira mwana wake.

"Mwanawe, bwanji sunakuwe pamene unaona ababa akunyamuka?"

"Ababa anali pa foni," anatero Diep motsitsa mawu.

Thinh anakhala pansi pomwepo, pa simenti yonunkha petulo, n'kulira ngati mwana anthu akuona.

Kutacha anapita kuchipatala. Dokotala anamupeza ndi vuto la kuthamanga magazi, n'kumuuza kuti nkhawa ya tsiku ndi tsiku yamudya pang'onopang'ono. Anamupatsa mankhwala, koma anati mankhwala okha sangathe. Azigona mokwanira, aziyenda, achepetse khofi, mtima ukathina azipuma mpweya modekha, ndipo nthawi ya chakudya foni izikhala kuchipinda. Zonsezi n'zimene mkazi wake ndi Mayi Tuyet ankamuuza kale mwaulere.

Thinh anagula mkeka watsopano. Mayi Tuyet sanamuseke, anangosuntha wawo kumupatsa malo. Thinh anakapemphanso bwana wake kuti ntchito ina agawire anzake, ndipo bwanayo anavomera osavuta. Zimenezo zinamuwawa Thinh, poona kuti akanatha kupempha kalekale.

Lero akupezako bwino. M'mawa mumamuona m'mbali mwa mtsinje ndi mkazi wake, ndipo kuseka kwake kunabwerera. Koma mpaka pano akaima pomwetsa mafuta, Diep amatsika n'kugwira nsonga ya malaya a bambo ake, osaitaya mpaka atakweranso. Thinh sanamuuzepo kuti asiye.

Phunziro: Kuthamanga si kufika. Munthu wotopa amaiwala ngakhale chimene akuvutikiracho. Thupi likayamba kudandaula, limvereni: gonani, yendani, idyani ndi banja lanu foni ili kutali, ndipo katundu akalemera nenani msanga. Amene akukuuzani kuti pumaniko sakukuchitirani nsanje. Ngati pali m'bale kapena mnzanu amene amati alibe nthawi yopuma, mutumizireni nkhaniyi, mwina awerenga asanafike pakhomo kumbuyo kulibe mwana.