Mjigo Wofiira wa Mayi Jobeda

Botolo silinawale.

Dilruba analigwedeza, nadzifunditsa nsalu kumutu kuti kuchite mdima, n'kuyang'anitsitsa. Madzi anali bii. Anatsegula botolo lina. Chimodzimodzi.

Utsikana wake wonse unathera mu labotale ku Dhaka, akusintha chibadwa cha mabakiteriya kuti aziwala akakumana ndi aseniki, poizoni wa m'madzi apansi amene amadya munthu pang'onopang'ono kuyambira m'zikhatho. Botolo likawala, mjigo umapakidwa penti yofiira, anthu asamwe. Likapanda kuwala, yobiriwira.

Ntchitoyi ili ndi lamulo limodzi. Mabakiteriya atsopano uyambe wawayesa pa madzi amene ukudziwa kuti ndi oipa, uone ngati ali moyo. Iye sanatero. Mvula inali pafupi, misewu ikanamira, ndiye sabata yonse anangothamanga m'midzi ya ku Matlab, kuyeza n'kumauza anthu kuti pakani yobiriwira. Ngakhale mjigo wa pasukulu anauvomereza.

Lero anapatukira kwawo, kumene anali asanapondeko chimwalirire bambo ake, ndipo anapeza mjigo wa pabwalo uli psuu. Anati zakhala bwino, ndiyesere pomwepa.

Mjigo wofiira, koma botolo osawala.

Ndiye kuti mabakiteriya anafera m'njira ndi kutentha. Ndiye kuti mijigo yonse ija anaivomereza ndi zinthu zakufa. M'maso mwake munabwera ana asukulu ali pamzere, akumwera m'manja. Munabweranso mayi wina woyembekezera amene anamukakamiza kulandira mango pothokoza.

Anatulutsa foni. Ayambe ndani? Mphunzitsi wamkulu? Aziti chiyani? Foni inamupulumuka n'kugwera m'ndowa.

Amayi ake, Mayi Jobeda, anatuluka kukhitchini akupukuta manja.

"Iwe Dilu, mpunga ukuzizira. Wafunda kumutu ngati mkwatibwi dzuwa lonseli? Masukuluwa akuzunguza mutu eti?"

"Amayi, ndapha anthu."

"Iweyo? Nkhuku yomwe umaithawa."

"Ndikunena zoona! Mjigo wanuwu ndi wapoizoni, koma chida changa chikuti ndi wabwino. Chanama pano, ndiye kuti chanama ponse pamene ndadutsa. Ana akumwa panopa, amayi. Ndine ndinawauza kuti imwani."

Mayi Jobeda anamuyang'ana, nayang'ana mjigo. Kenako anapopa madzi m'kapu n'kuyamba kumwa. Dilruba anakuwa, nawalumphira, kapu n'kugwera uko.

"Usandiphwanyire kapu iwe! Penti imeneyi ndinapaka ndekha. Mudzi wonse unkadzazana pano, matope mpaka pakhomo, chogwirira kuthyoka mwezi ndi mwezi. Chipakireni, ndimagona masana ngati munthu."

Dilruba anakhala pansi pamatope pomwepo. Ankaseka, misozi ili chuchuchu. Chida sichinaname. Ana asukulu ali bwino.

Kenako kuseka kunatha.

"Amayi, nanga anthu amene munawathamangitsawo akutunga kuti?"

"Kwa a Mojid, kuseriku. Wawo unali wofiira, koma anaupaka yobiriwira chaka chatha, akuchimuna asanabwere kudzaona mwana wawo."