Mapazi a Katumbu pa Matope

Kunangokhala, ati, kachilumba kakutali. Mbira amati Katumbu anathawa abale. Kakowa amati anawapulumutsa.

Chaka china nyanja inaphwa, nsomba zinatha, pakati pa chilumba ndi kumtunda panatsala matope okhaokha.

"Ndikusamukira kumtsinje wakumtunda, achimwene," anatero Katumbu.

Mbira anamutsekera njira. "Makolo athu anathawira kuno poopa Fisi. Mapazi anuwo, achemwali, amulondolera mpaka pakhomo pathu."

"Inu mumadya masamba. Ana angawa adye miyala?"

Mbira sanasunthe.

Katumbu anabereka ana ake, namulambalala. Matopewo analibe mtengo kapena mwala wokumbukirapo njira, ndipo anadziwa kuti akafufuta mapazi sadzathanso kubwerera kwawo. Anagwetsa mchira pansi, nayamba kufufuta.