Ngumbi M'mabotolo Oyezera Mvula

Mvula yoyamba itangokata, foni ya mphunzitsi Evelina idalira. Anali ana a sukulu ya ku Norway, akuimba pa vidiyo, akudikira kuona chithunzi cha chilala chimene ophunzira ake adajambula ndi dothi pakhoma la sukulu yawo ku Old Town.

Khomalo linali matope okhaokha. Mvula idatsuka zonse.

"Madamu, tiwaonetsa chiyani?" adanong'ona Suhaila, mwini ganizo la chithunzicho.

Evelina asanayankhe, wina adakuwa kuchulu: "Ngumbi!"

Ana onse adathamangira komweko, nakhuthula mabotolo awo oyezera mvula kuti atoleremo. Evelina adawatsatira, foni m'mwamba, nsapato m'manja.

Ku Norway ana adaunjikana pakamera. "Kodi mukuziwerenga?" adafunsa mphunzitsi wawo.

"Kuwerenga?" adaseka Evelina, akuwakha ina. "Tikukazinga!"