Funso la Nambala 7

Fomu inali pa tebulo la kukhitchini, cholembera pambali pake, koma a Fumbani ankangoziyang'ana ngati zotentha. Mkazi wawo Esnart anali chiimire, yunifolomu ya kuchipatala ikadali m'thupi. Nthawi inali itapitirira 2 koloko, ndipo fomuyo inkayenera kufika kusukulu ya mwana wawo Tiwa isanakwane 4.

Inali ya maphunziro a uinjiniya a milungu itatu, pa holide ya Ogasiti, ku yunivesite ina ya mu Birmingham. Ankatenga ana ochepa, a m'madera ngati kwawo ku Smethwick. Kwa Esnart nkhani siinali ya holide. Chaka chonse Tiwa anali akujomba kusukulu, n'kumanena kuti akangolemba mayeso azikamanga anthu tsitsi m'masaluni a ku Cape Hill. Mayi analalata, analira, anasala kudya, osaphula kanthu. Ndiye mphunzitsi wa masamu anabwera ndi fomu iyi, mwana n'kuyambanso kutsegula mabuku yekha, popanda womukankha. Esnart ankadziwa kuti izi zikalephereka, Tiwa sukulu waitaya.

Chinatsekereza njira chinali funso la nambala 7: kodi mmodzi mwa makolo ali ndi digiri? Oyankha kuti inde sankawatenga.

Esnart anali ndi dipuloma chabe. Vuto linali a Fumbani, amene mpingo wonse unkawatchula kuti a Injiniya. Digiri yawo ya ku Poly, ku Blantyre, kuno siinawagulire ngakhale mpando wokhalapo. Zaka zisanu ndi ziwiri akusanja makatoni ku Nechells, akudandaula kuti azungu safuna mapepala akwathu. Chinamuwawa Esnart n'chakuti digiri yolephera kuthandiza bambo lero yapeza mphamvu zopingira mwana.

Ndiye bambowo analinso mkulu wa mpingo, munthu woti foni ikalira iwo ali m'tulo sungayerekeze kunena kuti achokapo. Esnart anayamba ndi kunyengerera. Anawakumbutsa kuti digiri yosagwira ntchito ili ngati palibe. Anati ku Blantyre palibe mzungu angaimbe foni kukafufuza. A Fumbani maso anali pa fomu, thukuta lili pamphumi.

Tiwa anasuzumira pakhomo la khitchini. "Leave it, Mum. It's fine," anatero, n'kubwerera. Mawuwo anali a munthu amene wasiya kale kuyembekeza, ndipo Esnart anachita mantha.

Madzi anali atafika m'khosi. Esnart, mayi wamkulu amene kuwodi madokotala achinyamata amayamba afunsa iye asanachite kanthu, anagwada pansi pambali pa mpando wa mwamuna wake.

"Bambo a Tiwa, chonde, tikitani No basi musayine. Tchimolo likhale langa, ndikayankha ndekha. Deadline ikadutsa, mwanayu tamuluza."

A Fumbani anatenga cholembera. Chinagwa kaye pansi, Esnart n'kuwatolera. Anachonga pa Ayi, n'kusayina dzina lawo pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wani.

Esnart anatsomphola fomu n'kuilowetsa mu envulopu asanasinthe maganizo. Mtima unakhala pansi, koma manyazi anamugwira nthawi yomweyo. Wamunamitsa munthu wa Mulungu, wamukanitsa chinthu chokhacho chimene chinkamuyendetsa mutu uli m'mwamba m'dziko la eni. Atavala jekete anaima pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja, n'kupepesa. Anati akudziwa kuti wawachimwitsa, ndipo sadzawapemphanso bodza lina moyo wake wonse.

A Fumbani sanadzutse mutu.

"Musapepese, mayi a Tiwa. Palibe bodza pamenepo. Ku Poly anandiwida chaka choyamba nditalephera mayeso, digiri ndilibe. Chikwatiranireni, aka n'koyamba kuti ndikuuzeni zoona."