Nsalu za Bitiruti Zinapita ku Chinkhoswe

Panali munthu wina kuno ku Perth, dzina lake Norman, wa kwathu konkuja. Anabwera kudzaphunzira zaulimi ku Bentley, ati digiri yachiwiri. Nkhaniyi ndi yoona, amene amapemphera naye akuidziwa.

Chaka cha korona chija ntchito yake yotsuka mbale inatha, nyumba n'kuwavuta. Mkazi wake Tithokoze anali ndi pakati. Apongozi ake, mayi Edda a ku Tsangano, anali atatsekeredwa konkuno, ndege kulibe.

Mwamwayi panapezeka mzungu wina, mayi Katherine, wa munda wa ndiwo zamasamba kumapiri uko kupitirira Armadale. Iwonso anali atatsekeredwa ku Melbourne kumene anakaona mwana wawo. Anauza Norman pafoni kuti alowe m'nyumba ya kumundayo ulere ndi banja lake, bola awalimire bitiruti, ndiwo ya mizu yofiira ija, amene amapereka kumalesitilanti mu Novembala.

"Mufese kumayambiriro kwa Seputembala," anatero mayi Katherine. "Koma madzulo aliwonse mabedi muzifunditsa nsalu zoyera zili m'shedizo, mpaka pakati pa Okutobala. Mundawo uli m'chigwa, chisanu chimachedwa kutha."

"Musadandaule madamu, zimenezi ndiye ndinaphunzira."

Anafesa, zinamera, timasamba tiwiritiwiri. Masabata awiri anafunditsa bwinobwino. Kenako masana kunayamba kutentha, munthu n'kumavula juzi. Norman anayamba kunyinyirika. Ati Seputembala kwathu ndi nthawi ya dzuwa, chisanu chimatha ndi Julaye, azungu amangoopa zilizonse.

Tsiku lina mnzake wa ku Balga anaimba foni kuti mawa kuli chinkhoswe koma pabwalo palibe mthunzi. Norman, munthu wokonda kutamidwa, anapinda nsalu zonse zija n'kuponya m'galimoto.

Mayi Edda anaona. Iwo alima mbatatesi moyo wawo wonse, chisanu amachimva m'maondo chisanafike. Koma mkamwini sumudzudzula pamaso. Anaitana mwana wawo.

"Iwe Titho, tayang'ana kumwambaku. Mtambo ukuuona? Mphepo ukuimva? Lero kugwa chisanu. Kauze amuna akowo atsitse nsaluzo, asapange zachibwana."

Tithokoze poopa kukhumudwitsa mwamuna, mawu aja anawathira madzi.

"A Norman, amayi akuti kaya mwina kuzizirako lero."

"Amayi amamva kuzizira tsiku lililonse. Apatse bulangete lina. Ndacheka pafoni, akuti seveni digirizi."

Foniyo imanena za m'tauni, kufupi ndi nyanja. Koma munthu wa digiri umuuze ndiwe ndani? Analiza galimoto, ulendo wa ku Balga.

Mayi Edda anatulutsa zitenje zawo zonse m'sutikesi, ngakhale cha mvano, n'kutsimphina mpaka kumunda. Zinakwana bedi limodzi lokha, la pafupi ndi khomo.

Kutacha, udzu unali mbee ngati wina wawazapo ufa. Dzuwa litakwera timbande tinagona, pofika masana tinali titada ngati masamba a tiyi otaya. Mabedi onse, kupatula la zitenje lija.

"Muwaimbire mayi Katherine lero lomwe," anatero Tithokoze.

"Ndiwauze kuti nsalu zawo zinakavina chinkhoswe? Ukufuna tikagone kuti ndi mimba imeneyo? Ndifesanso, sadziwa."

Anazengereza ndi manyazi, kukagula mbewu ina patatha masabata. Mayi Katherine akafunsa, iye amajambula bedi limodzi lomwe lija, lero chakuno, mawa chauko, n'kutumiza. Mayi aja kuona masamba obiriwira bwino, anaimbira malesitilanti awo onse kuwalonjeza kuti bitiruti akubwera pa nthawi yake.

Malire a pakati pa kuno ndi Melbourne atatsegulidwa kumapeto kwa Novembala, mayi Katherine anabwera. Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anapita kumunda, kuzula apa, kuzula apo. Timizu ngati chala cha mwana. Anaima pa bedi la pakhomo lija nthawi yaitali, n'kutulutsa foni kuyerekeza ndi zithunzi.

"Norman, chisanu chandiphera mbewu kangapo ine, sichachilendo. Mukanandiuza tsiku lomwelo ndikanapempha mlimi mnzanga kutsidyaku andigwirire makasitomala. Pano ndawanamiza anthu amene ndagwira nawo ntchito zaka khumi, ndipo poona Novembala akutha osalandira kanthu, apeza kale wina."

Norman anayamba zachizungu zake zija, ati kusintha kwa nyengo. Mayi aja anangomudula.

"Masabata awiri mukhale mutatuluka."

Tithokoze anagwada pamchenga pomwepo ndi mimba yake. Mayi Katherine anamudzutsa, misozi ili m'maso, koma mawu sanabweze.

Mnzake wa chinkhoswe uja foni sanayankhe. Anawalandira ndi mayi wina wa kutchalitchi, m'galaja mwake ku Balga. Disembala wa kuno mukumudziwa, malata amachita kuwotcha ngati chiwaya. Mwana anabadwa sabata ya Khirisimasi. Pochokera kuchipatala anakamugoneka pakati pa makina otchetchera kapinga ndi zitini za penti, agogo ake akumukupiza ndi katoni.

Phunziro: Mwini munda akakuuza funditsa, funditsa, dera lililonse lili ndi chisanu chake ndipo sichifunsa satifiketi. Enafe sukulu tinalekeza Sitandade 3 koma sitinagonekepo mwana m'galaja chifukwa cha matama. Inu atsikana, akulu akakutumani mawu, kaperekeni momwe alili, musachotse mchere. Ndipo ukalakwitsa nena tsiku lomwelo, bodza limakula msanga kuposa mbewu. Musangowerenga n'kukhala chete, tumizani ku magulu anu onse, makamaka kwa ophunzira kwambiriwa.