Mawu a Malemu Gwaza

M'mudzi muno munthu akamwalira, kabokosi ka pakhoma kamapitiriza kuyankhula ndi mawu ake, kumapeka zatsopano kuchokera pa zomwe kanamumva akunena ali moyo. Zomwe sikanamvepo sikazidziwa.

Nangondo anali wamanyazi. Amuna ake, a Gwaza, akangoyamba kumunyengerera ndi kadzina kachikondi kaja, iye ankathamangira kukathimitsa kabokosiko n'kukafunditsa chitenje. Ankakavundukula ikakhala nkhani ya mbuzi kapena feteleza basi.

Maliro atatha, abale atabalalika, Nangondo anakhala pamkeka, chitenje chomwecho chili m'manja.

"Bambo a Tiyese," anatero motsitsa mawu, "tandiitanani monga munkandiitanira muja."

Kabokosiko kanayamba katsokomola, ndendende mwini wake.

"Mayi, kodi mbuzi zija mwazitsekera?"